Za BCG ya mwana wathu kuno ku Leeds, yankho ndalipeza

Mwezi watha ndinafunsa ngati khanda lobadwira ku England amalibaya BCG, katemera wa TB, monga kwathu, poti agogo ake ku Zomba sankaleka kufunsa za chipsera cha pamkono. Kuno si mwana aliyense amene amabayidwa. Koma ngati kholo kapena agogo anabadwira m'dziko lomwe TB ndi yochuluka, monga Malawi, amamubaya ulere. Si tsiku lobadwa ayi: wathuyu anadikira mpaka masiku 28, zotsatira za magazi a pachidendene zitatuluka.

Namwino analemba zonse m'kabuku kofiira ka zaumoyo wa mwana. Pano patuluka kathuza, ndipo anatichenjeza kuti tisakafinye, ngakhale manja akundiyabwa. Kabukuko ndakasunga pamodzi ndi mapasipoti, tidzakafuna kusikelo tikadzabwerera kumudzi.