Kodi chithunzi cha mano chingauze khoti zaka za munthu?

Mlangizi wa ana:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa za mano. Pali mnyamata amene ali m'manja mwa apolisi, ndipo iye akuti ali ndi zaka 16, pamene omuzenga mlandu akuti ndi wamkulu poona ndevu ndi msinkhu wake. Chiphaso cha kubadwa alibe, kadi ya kusikelo inatayika kalekale, choncho khoti lalamula kuti akajambulidwe mano ndi X-ray. Popeza Malamulo a dziko la Malawi, monga anasinthidwira mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kodi chithunzichi chingathetsedi nkhaniyi?

Dokotala wa mano:
Zikomo bambo pofunsa. Pa chithunzicho timaona mano amene amera, koma makamaka timayang'ana mmene dzino lililonse lakulira m'kati mwa nsagwada, kuyambira pamutu mpaka kunsonga ya muzu. Njira yodziwika kwambiri ndi ya katswiri wa mano wotchedwa Demirjian, ya mu 1973, imene imayesa mano asanu ndi awiri a nsagwada yam'munsi kumanzere, ndipo lililonse limapatsidwa gawo la kakulidwe kake kuchokera pa A kufika pa H. Kwa mwana wamng'ono njirayi imathandiza kwambiri, chifukwa mano ambiri amakhala akukula nthawi imodzi.

Vuto lanu ndi lakuti pofika zaka 16 mano amenewo amakhala atamaliza kukula, ndiye timatsala ndi dzino lomalizira la kumapeto kwa nsagwada, lomwe kakulidwe kake kamasiyana kwambiri pakati pa anthu, ndipo ena samera nalo n'komwe. Muzu wake ukakhala wotsegukabe kunsonga ngati kamlomo ka botolo, munthuyo akhoza kukhala wa zaka 16 kapenanso 19. Ukatsekeka, nthawi zambiri amakhala atakwana zaka 18, koma sindingalumbire m'khoti kuti zili choncho kwa aliyense.

Wophunzira za chipatala:
Ndionjezereko pa zimene adokotala anena. Miyezo ya Demirjian inachokera kwa ana a ku Montreal m'dziko la Canada, pamene kafukufuku wa Helen Liversidge wa mu 2008 anapeza kuti dzino lomalizirali limafulumira kukula mwa ana akuda a ku South Africa kuposa mwa ana achizungu a ku London. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa mwana wa kuno akayesedwa ndi miyezo ya kwina akhoza kuonjezeredwa zaka ndi kukagona m'chitokosi cha akuluakulu. Ku Britain nako bungwe la madokotala a mano la British Dental Association lakhala likukana kuti achinyamata othawa kwawo azijambulidwa mano pofuna kudziwa zaka zawo.

Mlangizi wa ana:
Ndathokoza nonse. Nanga adokotala, ndikapemphe chiyani lipoti likamalembedwa?

Dokotala wa mano:
Pemphani kuti lipotilo litchule njira imene yagwiritsidwa ntchito, anthu amene miyezoyo inachokera, komanso zaka zochepetsetsa ndi zochulukitsitsa zimene mnyamatayo angakhale nazo, osati nambala imodzi yokha. Musaleke kufufuza kaundula wa kusukulu kumene anayambira sitandade 1 ndiponso buku la ubatizo kutchalitchi kwawo, pakuti tsiku lolembedwa iye akadali wamng'ono lingathandize khoti kuposa chithunzi changa.