Kutulutsa DTR pa adaputala ya CP2102 kuti Arduino Pro Mini izilandira pulogalamu popanda kudina batani

wophunzira_zamagetsi

Akuluakulu, ndili ndi adaputala ya USB yokhala ndi IC (kachipangizo kakang'ono ka miyendo yambiri) ya CP2102, ndipo miyendo yake yalembedwa 3V3, RST, TXD, RXD, GND ndi 5V. Ndinalumikiza RST ku DTR ya bolodi ya Pro Mini (mwendo wolandira chizindikiro choyambitsanso bolodiyo kuti ilandire pulogalamu), koma pulogalamu sikulowa. Avrdude, pulogalamu ya pakompyuta imene imatumiza pulogalamuyo ku bolodi, ikungolemba kuti "not in sync". Imalowa pokhapokha ndikadina batani la reset pa nthawi yeniyeni imene kompyuta yayamba kutumiza, ndipo kawirikawiri ndimaphonya. Ndithandizeni nzeru.

wokonza_mawailesi

Achimwene, dzina la RST ndilo lakusocheretsani. Pa maadaputala ambiri otere, mwendo umenewo umapita ku mwendo 9 wa CP2102, womwe ntchito yake ndi kuyambitsanso IC yomweyo, osati bolodi yanu. Chimene mukufuna ndi DTR, yomwe ili pa mwendo 28, pakona pomwe pali kadontho kosonyeza mwendo woyamba.

Tengani lezala, mudule kanjira ka mkuwa ka pa adaputala kochokera ku RST kupita ku mwendo 9, kenako muyeze ndi mita kuti mutsimikize kuti kaduka ndithu. Mukatero, wotchererani kawaya kamodzi kuchokera pa mwendo 28 kukafika pa RST. Miyendo ya IC imeneyi inatalikirana ndi theka la milimita basi, choncho ine ndimasolola kaulusi kamodzi ka mkuwa m'nthambo yakale ya tchaja, ndimayamba ndakapaka mtovu kunsonga, ndiyeno ndimangokakhudzitsa pamwendopo kwa kamphindi, galasi lokulitsa lili kumaso. Mtovu ukachuluka umagwira mwendo 27, ndipo kuuchotsapo ndi ntchito yowawa. Pomaliza dontheziranipo guluu kuti kawayako kasathothoke.

mphunzitsi_wa_sayansi

Ndiwonjezepo pang'ono pa zimene anena bambowa. Pro Mini ili kale ndi kapasita ya 100 nF pakati pa DTR ndi reset, motero musaikenso ina. Koma tsiku limene mudzagwiritse ntchito ATmega328P (IC yaikulu ya pa Pro Mini) payokha, mudzafunika kapasita imeneyo pamodzi ndi resistor ya 10k yochokera pa reset kupita ku VCC (mwendo wolowera magetsi). Onaninso kuti mu Arduino IDE (pulogalamu ya pakompyuta yolembera ndi kutumizira mapulogalamu) mwasankha mtundu woyenera wa Pro Mini, chifukwa pali ya 5V ya 16 MHz ndi ya 3.3V ya 8 MHz. Kwa amene dzanja limanjenjemera, adaputala ya CH340G ndiyosavuta: DTR ili pa mwendo 13, ndipo miyendo yake ndi yotalikirana bwino.

wophunzira_zamagetsi

Zikomo kwambiri nonse. Kawaya koyamba kanaduka ndisanathire guluu, koma kachiwiri kagwira, ndipo usiku uno ndatumiza pulogalamu kasanu osakhudza batani.