Zigoli 71 za Kinnah Phiri: ndi zoona kapena ndi nthano za madala?

Wometa_Chinamwali

Akuluakulu, ndithandizeni ndisanathawitse makasitomala. Ndimameta pa Chinamwali, ndipo kuyambira sabata yatha mu shopu mwanga mulibe mtendere. Mkulu wina amene amabwera kudzametetsa ndevu Loweruka lililonse anauza anyamata kuti Gabadinho Mhango sangamange ngakhale zingwe za nsapato za Kinnah Phiri. Anyamata anaseka, wina n'kutulutsa foni kuwaonetsa chigoli chija Gaba anamwetsa Morocco mu Januwale 2022, n'kunena kuti nanunso tionetseni cha Kinnah wanuyo. Mkulu uja analibe choonetsa. Anangoti munthuyo anagoletsera dziko lino zigoli 71, basi, n'kulipira n'kumapita atakwiya.

Ine Kinnah ndinamudziwa ali kale kochi, atayima pambali pa bwalo nthawi ya ma Flames aja anapita ku Angola. Akusewera sindinamuonepo, ndipo palibe mnzanga aliyense amene anamuona. Ndiye mafunso anga ndi awa. Zigoli 71 zimenezi anawerenga ndani? Ankachinya matimu anji? Nanga ngati anali woopsa choncho, bwanji sanasewereko AFCON (mpikisano wa matimu a maiko a mu Africa) kapena kupita ku Ulaya? Sindikunyoza ayi, ndikungofuna ndikakhale ndi choyankha Loweruka likubwerali, chifukwa anyamata aja akuwadikirira bambo aja ndipo sindikufuna achite nawo chipongwe.

Madala_a_ku_Sadzi

Mwana wanga wometa, wafunsa bwino, ndipo uwauze anyamata akowo achepetse phokoso.

Kanema wa zigoli zake sakumupeza chifukwa dziko lino linalibe TV. Television Malawi inayamba mu 1999, pamene Kinnah anali atasiya kalekale kusewera. Ife mpira tinkauonera m'makutu. Kuno ku Zomba, tsiku la masewero akuluakulu tinkaunjikana pakhonde la munthu amene ali ndi wailesi, mabatire titasonkherana, ndipo woulutsa wa MBC akangokweza mawu n'kutchula dzina la Kinnah, amayi ophika ankasiya mthiko. Amene anali ndi ndalama ya basi ndiwo ankapita ku Blantyre kukaona ndi maso pa bwalo la Kamuzu, n'kubwera kudzatisimbira sabata yonse.

Za chiwerengerocho, si ife madala tinachipeka. Akatswiri osunga mbiri ya mpira a RSSSF analemba masewero ake limodzi ndi limodzi: 117, zigoli 71, kuyambira 1973 kufikira 1981. Tawerengera wekha. Munthuyu anabadwa mu 1954, ndiye kuti analowa mu timu ya dziko ali mnyamata wosakwana zaka 20, ndipo anasiya kuisewerera asanafike n'komwe zaka 30. Pa masewero asanu alionse, zigoli zitatu. Didier Drogba amene mumamutama uja anathera pa 65 ku Ivory Coast, Samuel Eto'o pa 56 ku Cameroon. Wa chigawo chino amene anamuposa ndi Godfrey Chitalu wa ku Zambia, 79, ndipo awiriwa anasewera nyengo imodzi.

Tsono pa funso lako lakuti ankachinya ndani, apa ndiye ndikufuna ukhale pansi. Ana a lero mukamva kuti Zambia, Uganda, Kenya, Tanzania, mumaganiza za matimu a lero. Zambia ya nthawi imeneyo inafika mu fainolo ya Africa yonse mu 1974 ku Cairo, ndipo Zaire inachita kuigonjetsa pa masewero obwereza, oyamba atathera 2-2. Uganda inafika mu fainolo mu 1978 ku Accra, n'kugonja kwa Ghana. Chaka chomwecho cha 1978 chikho cha East and Central chinachitikira kuno kwathu, ndipo Malawi inachitenga itagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo. Chaka chotsatira anyamata anapita ku Kenya, n'kukawalanda eni akewo chikho pakwawo, 3-2 kachiwiri. Kochi anali mzungu wa ku England, Ted Powell. Kumbuyo kunali Jack Chamangwana wa Noma (Wanderers), kutsogolo Kinnah wa Bata Bullets. Loweruka ankamenyana mu ligi, koma akavala yunifomu ya dziko timu ina inkavutika.

AFCON sanasewere, n'zoona. Koma masiku amenewo kunkapita matimu 8 okha mu Africa yonse. Pamene Gaba ankapita ku Cameroon matimu anali 24. Malawi inakalowako koyamba mu 1984 ku Ivory Coast, Kinnah atachoka kale kupita ku Swaziland, kumene anakasewerera Manzini Wanderers. Za ku Ulaya, mwana wanga, nthawi ya Kamuzu munthu sankangonyamula chikwama n'kukwera ndege chifukwa wina wamuona akusewera bwino. Kunalibenso ma ejenti oyenda ndi mavidiyo a osewera m'thumba. Mpira wathu unali wa makampani, maina a matimu omwe ankanena okha: Bata Bullets, Hardware Stars, ADMARC Tigers. Wosewera ankayamba waganiza za ntchito, mpira pambuyo.

Gaba ndi mwana wabwino, chigoli cha Morocco chija ndinadumpha nacho ine ndemwe ndi mawondo anga owawawa. Koma chigoli chimodzi chokongola si ntchito ya zaka zisanu ndi zitatu.

Noma_wa_Mpondabwino

Madala, ulemu wanu, koma musatipake mafuta. Pa masewero 117 amenewo ambiri anali opimana mphamvu chabe, ena a pa chikondwerero cha 6 Julaye, alendo atabwera kudzadya ndi kuvina. Chigoli ndi chigoli inde, koma cha pa chisangalalo sichilemera mofanana ndi cha mu ndime ya matimu 16 ku AFCON, goloboyi wa Morocco ali Yassine Bounou. Ndiponso Gaba si wa chigoli chimodzi. Zimbabwe anaimwetsa ziwiri pa mpikisano womwewo, tinapambana 2-1, ndipo ndi zimene zinatitulutsa mu gulu koyamba m'mbiri yathu. Ku South Africa anamaliza ligi ya 2019/20 ndi zigoli 16 ali ku Orlando Pirates, kulingana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse.

Komanso Maule, inu a Bullets, mumakonda kuiwala anthu. Esau Kanyenda anasewera ligi yaikulu ya ku Russia, ku Rostov mpaka Lokomotiv Moscow, m'chisanu chimene ambirife sitingathe ngakhale kutulukamo panja. Bwanji iyeyo simumutchula? Kinnah ndi wamkulu, sindikukana. Koma akanakhala wa Noma bwenzi mukuti zigoli zakezo n'zokayikitsa.

Make_Tadala_Matawale

Achimwene a ku Mpondabwino, mwayamba kale za Noma ndi Maule pa nkhani ya dziko. Bambo a ku Sadzi atchula Chamangwana wanu mwaulemu, simunaone?

Ine sindinamuone Kinnah akusewera, koma ndikufuna achimwene ometa akawakumbutse anyamatawo mbali imene iwonso anaiona kapena makolo awo anaiona, chifukwa nkhani ya munthuyu sinathere pa 1981. Mu 2004 ndi iye anali kochi wa Bakili Bullets pamene inatulutsa Orlando Pirates n'kulowa m'magulu a CAF Champions League. Gulu lake munali Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast, ndipo Enyimba yomweyo ndi imene inatenga chikho chaka chimenecho. Pirates imene mukunyadira kuti Gaba anaisewerera ija, Kinnah anaitulutsa ndi anyamata a ligi ya konkuno.

Kenako 2008. Kochi wa Flames Stephen Constantine atachoka, timu ili yofooka, anthu atatopa nayo, anapatsa Kinnah. Mu Juni chaka chomwecho Egypt inabwera pa Kamuzu ili ndi chikho cha Africa m'manja, itangochitenga ku Ghana miyezi inayi yapitayo. Ine tsiku limenelo ndinalipo. Tinanyamuka pa depoti ya Zomba m'mamawa pa minibasi yodzaza mpaka kondakitala kulendewera pakhomo, ndipo anthu ena anali atayamba kutuluka m'bwalo poganiza kuti zathera 0-0 pamene Chiukepo Msowoya anamwetsa mu nthawi yowonjezera. Pobwerera, kuyambira pa Njuli, Namadzi, Thondwe, anthu anali m'mbali mwa msewu ndi nthambi za mitengo usiku. Mawu anga anabwerera Lachitatu.

DR Congo inagwanso pa Kamuzu pomwepo 2-1, Guinea chimodzimodzi, ndipo Ivory Coast ya Drogba inalephera kutigonjetsa, 1-1, ngakhale kwawo ku Abidjan anali atatikwapula 5-0. Umo ndi momwe tinapitira ku Angola mu 2010, patatha zaka 26 chiyambire 1984. Masewero oyamba ku Luanda, Algeria imene inali pa ulendo wa ku World Cup inadya zitatu kwa duu: Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Chimandiwawa mpaka lero ndi Mali. Tinkangofunika kufanana mphamvu kuti tipitirire, koma mphindi zitatu zoyambirira Kanouté ndi Seydou Keita anali atatimwetsa kale ziwiri, n'kuthera 3-1.

Ndikudziwa kuti pofika 2013 pamene ankamuchotsa anthu ambiri anali atatopa naye, ankati akukakamira osewera omwewomwewo okalamba, ndipo penapake ankanena zoona. Koma ndi ndani wina m'dziko muno amene anatenga zikho ziwiri ngati wosewera, n'kudzatengeranso dziko ku AFCON ngati kochi?

Wometa_Chinamwali

Zikomo nonse. Bambo a ku Sadzi, za matimu 8 zija sindinkazidziwa, ndiye mfundo imene ndikayambire. Amayi a Tadala, za Egypt ndikuzikumbuka pang'ono, ndinali ku pulayimale, tinamvera pa wailesi ya agogo ku Jali. Achimwene a Noma, mfundo yanu ya masewero opimana mphamvu anyamata aja akaigwiritsa ntchito ndithu, ndikuwadziwa. Funso lotsala: pali pena pamene munthu angaone ngakhale chithunzi chake akusewera? Anyamata a masiku ano sakhulupirira chinthu chopanda chithunzi.

Aphunzitsi_a_ku_Domasi

Achimwene, zimene mukufunazo zili pafupi nanu kuposa mmene mukuganizira. National Archives of Malawi ili konkuno ku Zomba, sinasamukire ku Lilongwe pamodzi ndi likulu mu 1975. Nyuzipepala zakale zimasungidwa kumeneko. Mukapemphe Daily Times ndi Malawi News za Novembala 1978 ndi Novembala 1979, nthawi ya mipikisano iwiri imene atchula bambo a ku Sadzi, mukatsegule masamba a kumapeto a zamasewero. Mutenge chiphaso chanu, mupite pakati pa sabata m'mawa, ndipo mufunse kaye ngati amalola kujambula ndi foni musanatulutse.

Pa mkangano wa opimana mphamvu, achimwene a Noma akunena zoona kuti analipo ambiri, koma mndandanda wa RSSSF uli pa intaneti ndipo umaonetsa tsiku, timu ndi mtundu wa masewero pa chigoli chilichonse. M'malo mokuwa, anyamatawo atsegule pa foni yomweyo imene amaonetsera chigoli cha Morocco, achotse okha zonse za opimana mphamvu, awerenge zotsalazo, kenako achitenso chimodzimodzi ndi za Gaba. Mukatero mudzatiuze pano zimene mwapeza. Ndipo bambo ometetsa ndevu aja muwamete ulere Loweruka, anyamatawo alipire.