Makina osokera opalasa ndi mapazi: ulusi ukupotana kunsi kwa nsalu

Nachisale, Mufakose:
Akuluakulu, ndili ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi amene malemu agogo ankasokera pakhonde la sitolo ku Mbare, muno mu Harare. Ndikamasoka, msoko wa pamwamba ukuoneka bwino, koma kunsi kwa nsalu ulusi ukuunjikana n'kupotana. Kodi vuto lili m'bobini, kachipangizo kokulungapo ulusi wa pansi, kapena ndingogula mota?

Mbewe, Highfield:
Mayi Nachisale, bobiniyo musaikhudze kaye. Makinawa sasoka monga limasokera dzanja, chifukwa singano yake sidutsa yonse m'nsalu, ndipo n'chifukwa chake bowo lake lili kunsonga. Singano ikatsika n'kuyamba kubwerera, ulusi wa pamwamba umakhwefuka pang'ono, ndipo kachitsulo ka pansi kamaukola n'kuuzunguliza pa ulusi wa m'bobini, kenako kamkono kamene mumakaona kakukwera ndi kutsika kamaukoka kuti mfundo ibisale m'kati mwa nsalu. Choncho ulusi umene ukuunjikanawo nthawi zambiri ndi wa pamwamba, umene sunapanidwe mokwanira. Kwezani kaphazi kopanikiza nsalu musanalowetse ulusi, pakuti mukatero timbale tiwiri topana ulusi timatseguka. Pukutanimo fumbi la thonje, ndipo muyesere pa kansanza ndi ulusi wa mitundu iwiri kuti wolakwayo adzionetse yekha.

Phiri, Dzivarasekwa:
Bambo Mbewe anena zoona, ndipo msoko wa ulusi uwiriwu ndiwo unapambanitsa makinawa. Barthélemy Thimonnier wa ku France anali ndi makina a ulusi umodzi m'chaka cha 1830, amene msoko wake unkasosoka wonse munthu akaukoka kumapeto, komabe matelala a ku Paris anawaphwanya poopa kutha kwa ntchito yawo. Elias Howe analembetsa makina a ulusi uwiri ku America mu 1846, Isaac Singer analembetsa ake mu 1851, ndipo atakokerana kukhoti Singer anakakamizika kulipira Howe.

Nabanda, Glen View:
Za motazo, achemwali, ine ndikukana. Mota imangozungulitsa gudumu mwaliwiro, ndipo msoko woipa udzangoipa mofulumira. Komanso muno mu Harare, mmene magetsi amazimira nthawi ya mayunifolomu a sukulu, telala wopalasa ndi mapazi ndiye amapereka zovala pa tsiku lolonjeza. Ndalama ya motayo mugulire lamba wachikopa watsopano ndi mafuta enieni a makina, osati ophikira, amene amauma n'kumata zitsulo.