Dothi lofiira lomata fosholo: kodi mbatatesi ichita?

Wa ku Mangochi, Roodepoort: Akuluakulu, abwana akufuna ndibzale mbatatesi kuseri kwa nyumba kuno ku Johannesburg. Dothi lake ndi lofiira, likanyowa limamata fosholo, likauma limalimba ngati njerwa. Kwathu kunyanja mbewu imeneyi sitilima. Ndiyambire pati?

Wa ku Bembeke, Randburg: Achimwene, kufiirako si mlandu, pa katondo wa ku Dedza timakolola ndithu. Choopsa ndi madzi odikha. Musanagule mbewu kumbani dzenje la masentimita 30, mudzaze madzi madzulo. Mukawapeza m'mawa, pamenepo pasiyeni, idzaolera pansi mvula ya December ikalimba. Kenako fumbatani dothi lonyowa. Labwino limagwirana, koma mukaligogoda ndi chala limanyenyeka. Ngati likupombeka osaduka, dongo lachuluka. Pamalopo panali chiyani kale?

Wa ku Mangochi: Tomato ndi tsabola, bambo. Madzi dzenje lina aphwa, lina ayi.

Wa ku Bembeke: Ndiye sunthani. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, matenda ofotetsa amatsalira m'dothi. Sankhani pomwe panali kapinga kapena nyemba, pofika dzuwa tsiku lonse.

Wa ku Mzimba, Midrand: Thiranipo layimu kapena phulusa, dothilo lifewe.

Mayi a ku Tsangano, Kempton Park: Pepani achimwene, apo ndikana. Layimu musungire kabichi. Mbatatesi imakonda dothi lowawasa pang'ono, pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya 5 mpaka 6, ndipo layimu ndi phulusa zimaitulutsa nkhanambo pakhungu. Ndowe zaziwisi nazo n'chimodzimodzi. Chofewetsa dothi ndi kompositi wowolerana, wambiri, mumusakanize mpaka pomwe foloko yalekeza. Mchenga pang'ono pa dongo sungathandize, limangolimbirako. Ungani mizere italiitali ngati kumudzi, musiye masentimita 75 pakati kuti mudzapeze dothi lokwezera. Mbatatesi ikatulukira kunja imabiriwira, ndipo yobiriwira sidyedwa.

Wa ku Bembeke: Mayi anena zoona. Komanso m'mayadi ambiri a Johannesburg omanga anakwirira zidutswa za simenti pansi pa kapinga, zimenezo muzichotse. Mubzale chisanu chikatha, kumapeto kwa August kapena September.

Wa ku Mangochi: Zikomo. Pomwe madzi aphwa ndi pa kapinga. Mawa ndipempha abwana andilole ndilime pamenepo, agulenso kompositi ndi mbewu yovomerezeka, osati ya m'thumba la kusitolo.