Chiboliboli changa chikung'aluka pomwe mayeso ayandikira, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wazaka 41, ndinabwerera kusukulu kukaphunzira zojambula ndi zosemasema, ndipo masana ndimagwira ntchito. Semesita ino atiuza kuti aliyense apange chiboliboli, pomwe palinso asainimenti ya mbiri ya zaluso ndi mayeso. Anzanga m'kalasi ndi ana oti ndikhoza kuwabereka, pokambirana sandiitana, zida akatenga sabweza. Bambo akunyumba akuti ndadzaza nyumba ndi zinyalala, alamu anga nawo akuti sukulu yapaukulu n'kutaya ndalama. Tsono chiboliboli chija chayamba ming'alu pakhosi ndi m'mapewa, tulo sindikuliona. Ndisiye kaye zolembazi ndilimbane nacho, kapena ndiyambe china?

Wosema Wakale: Amayi, vuto ndi masukuluwa! Luso saphunzira papepala. Auguste Rodin anamukana katatu kusukulu ya zaluso ya École des Beaux-Arts ku Paris, lero wosema wanji amene sakumudziwa? Tayani zolembazo, gwirani sompho.

Mphunzitsi Wopuma: Bambo, musawasocheretse. Akalephera zolembazo satifiketi muwapatsa ndinu? Amayi, jambulani ming'aluyo pafoni, mukaonetse aphunzitsi anu sabata yomwe ino. Wopempha masiku oonjezera nthawi ikadalipo amamumvera, wobwera tsiku lomaliza ayi.

Nangozo: Koma chiboliboli chake n'chadongo, chamtengo kapena cha pulasita? Simunanene.

Make Mapasa: Alamu anuwo fizi amakulipirirani ndi iwo? Anga anandinena chimodzimodzi nditayamba unamwino, lero akadwala foni yoyamba amaimbira ine.

Wosema Wakale: Aphunzitsi, munagwirako tchizulo inu? Nkhani apa ndi mtengo wauwisi basi. Mtengo umauma msanga kunja kusiyana ndi m'kati, n'chifukwa chake umang'ambika. Michelangelo anasema chiboliboli cha David kuyambira 1501 mpaka 1504, inu mukuti mayiwa amalize semesita imodzi kwinaku akulemba ndime za anthu akufa?

Mphunzitsi Wopuma: Zaka mukutchulazo munazidziwira kuti ngati si m'mbiri yomweyo mukuinyozayi?

Woumba: Ine zinandionekera. Ndinaumba mutu wamunthu wosauboola m'kati, utalowa mu ng'anjo unaphulika n'kuswanso mbale za anzanga, ena mpaka pano sandiyankhula bwino. Dongo lochindikala limasunga madzi, akatentha amasanduka nthunzi yosowa potulukira. Mutu muudule pakati ndi waya, mukombe m'kati mpaka khoma litsale masentimita awiri kapena atatu, mulumikizenso ndi phala la dongo lomwelo, musiye kabowo.

Achimwene Jo: Ingowauzani aphunzitsiwo kuti ming'aluyo ndi dala, ikuimira mavuto a m'banja. Mupeza malikisi onse.

Nangozo: Ngati ndi dongo ndipo m'kati munaikamo waya kapena chitsulo, gwero ndi limenelo. Dongo likamauma limafota, chitsulo sichifota, ndiye limang'ambika malo opyapyala ngati khosi. Mukamachoka muzichifunda nsalu yonyowa ndi pulasitiki, chikhoza kukudikirani masiku angapo mukulemba asainimenti. Koma tiuzeni kaye kuti n'chachiyani.

Wosema Wakale: Kuumba si kusema, achemwali. Dongo ngakhale mwana amaumba. Ine ndinasiya sukulu ndili mnyamata, manja awa andidyetsa mpaka lero.

Woumba: Rodin mwamutamayo ntchito yake yaikulu inali kuumba dongo, miyala ankasema ndi antchito ake. Funsani.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Make Mapasa mwandilimbitsa mtima, alamu omwewo dzulo anabweranso n'kuyanika thaulo pachiboliboli changa, bambo akunyumba ali phee kuonerera. Mng'alu wapakhosi uja wakula.

Nangozo: Amayi, chonde, n'chadongo kapena chamtengo?

Wosema Wakale: N'chamtengo, ndanena kale. Ndipo inu a Woumba, za Rodin zo mubwere nazo ku inbox, ndikuphunzitseni bwinobwino.