Kodi "glasses" ndi matambula kapena magalasi a m'maso?

Wophunzira_22:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu a Chingerezi akuti "glasses" amatanthauza matambula kapena magalasi a m'maso? Nanga magalasi amodzi ovala tingawatchule "a glass"?

MphunzitsiWaChingerezi:
Amatanthauza zonse ziwiri, koma "a glass" musayerekeze n'komwe. Mukatero, wokumvaniyo akubweretserani tambula. Azungu amawaona magalasi ovala ngati chinthu cha mbali ziwiri, monga "trousers" ndi "scissors", ndiye dzina lake limakhala lochulukitsa nthawi zonse, ngakhale akhale amodzi. Mneni nayenso atsate zomwezo: "My glasses are broken", osati "is broken". Akasowa mumati "I can't find them", osati "it".

Pomwe ambiri amapunthwa ndi powerenga. "Two glasses" ndi matambula awiri basi. Ovala amafuna mawu akuti "pair": "a pair of glasses", "two pairs of glasses". Ndipo chenjerani, "pair" akatsogola mneni amamvera iyeyo: "This pair of glasses is new".

Nachisale_M:
Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere chimene chimatisokoneza ife olankhula Chichewa. Kwa ife galasi ndi la pazenera, la pagalimoto, ngakhalenso lodziyang'anirapo, ndipo akachuluka timangoti magalasi. Ndiye munthu amatenga zomwezo n'kulemba "the glasses of the car". Ayi ndithu. A m'mbali mwa galimoto ndi "windows", lakutsogolo ndi "windscreen" ku Britain, "windshield" ku America. Kalilole ndi "mirror".

Mukamanena za chipangizo chenichenicho, "glass" sawerengeka, salandira "a" kapena "-es": "The door is made of glass". Loika pazenera limodzi ndi "a pane of glass". Likasweka, zidutswazo ndi "broken glass" kapena "pieces of glass". Mukalemba "broken glasses", wowerenga aganiza kuti kwasweka matambula kapena magalasi a munthu.

Wophunzira_22:
Zikomo kwambiri. Nanga ndingadziwe bwanji tanthauzo lake m'chiganizo?

MphunzitsiWaChingerezi:
Yang'anani mawu oyandikana nawo. Pakakhala "wear", "put on" kapena "take off", ndi ovala. Pakakhala nambala, kapena "of" ndi chakumwa, monga "three glasses of water", ndi matambula. Potchula, "-es" wakumapetoyo amamveka "iz", ndipo mawuwo amakhala ndi maphatikizo awiri. Mukamumeza, anthu amva "glass".